Mpando Wakutsogolo

LACHIWIRI

09:14 Wamtali: mlamu ndaipeza!! rail ya mpando wakutsogolo ija mumati kulibe dziko lonse

09:14 Wamtali: [chithunzi]

09:15 Wamtali: kuli bambo wina wa ma spare akuphwasula galimoto ngati ya achimwene anuyo. same model. mpando wake ukuyenda myaa

09:31 Makaniko: eee mlamu mwadzuka bwnj kaye kkk

09:33 Wamtali: ndadzuka ndi mawondo otupa. zaka zitatu pabanja ndikukhala chopinda ngati mpeni wa mthumba. malemu mkazi woyamba wa achimwene anu, amake mapasa, anali afupi, mpando unaumira pa saizi yawo, ine Mulungu anandipatsa miyendo. pano mimba ya miyezi 7 yayamba kugunda dashboard

09:34 Wamtali: galimoto ili ku garaja kwanu kale, muikiretu limodzi ndi service

09:52 Makaniko: ndaona pic. imeneyo siingakwane

09:52 Wamtali: chfkw?

09:58 Makaniko: [uthenga wa mawu 0:51] Mlamu, galimoto iyi ine ndamerera ndevu pansi pake, ndiye mverani. Anayamba kuipanga 2001. Injini 2.0, mipando seveni, zitseko zotsetsereka mbali zonse, giya ili pachiwongolero kuti pakati padutse munthu kukaletsa ana ndewu. 2005 anaisintha nkhope, zamkati nazonso anasintha. 2009 basi, anasiya kupanga, anthu anali atathamangira magalimoto ataliatali aja. Tsono ya achimwene ndi ya 2003, yoyambirira. Ya bambo wanuyo ndi ya nkhope yatsopano. Ndi ana a mimba imodzi inde, koma nsapato sabwerekana.

10:03 Wamtali: kkkk a professor

10:04 Wamtali: nanenso ndawerenga. sabata yonse ndili pa internet. 2005 anasintha magetsi, bampala ndi wailesi basi. mipando sanaikhudze. part number ndi imodzi

10:04 Wamtali: tanki malita 60. ndipitilize?

11:40 Wamtali: mlamu

13:05 Makaniko: ndili pansi pa lole ya eni, ndiyankha

13:09 Wamtali: inu ndi achimwene anu nonse amodzi. galimoto imeneyo ndi mkazi mnzanga ndithu. lamlungu lililonse kuisambitsa, kuipukuta mpaka mmakutu. ine ndikaluka tsitsi amaona patatha sabata, iyo ikangokhosomola amaimva ali kubafa

13:20 Makaniko: kkkk nsanje ndi chitsulo mlamu?

13:21 Wamtali: sekani. mawa ndibwera nayo rail

13:40 Makaniko: dikirani kaye ndifunse achimwene

13:41 Wamtali: muwafunse chani? mawondo ndi awo?

LACHITATU

10:22 Wamtali: muli kuti? ndili pa garaja

10:30 Makaniko: ndapita kukakoka galimoto yafera panjira. khalani mu ofesi muli mpando wabwino, ndikubwera

10:47 Wamtali: bambo wa ma spare uja wandiuza zodabwitsa. akuti chiyambire business sanagulitsepo rail ya model imeneyi. akuti sizifa. anati mayi kayang'aneni pansi mwina munakodwa kandalama

10:48 Makaniko: musagwade ndi mimbayo plz. ndikubwera

11:02 Wamtali: ndagwada

11:02 Wamtali: [chithunzi]

11:03 Wamtali: ichi nchani mlamu

11:03 Wamtali: dzimbiri limakhala ndi mutu wa makona sikisi?

11:04 Wamtali: wina anaboola rail nkumanga bawuti. ndi washa womwe. ntchito yaukhondo, ya munthu wodziwa

11:06 Makaniko: [kuimba kosayankhidwa]

11:07 Makaniko: [kuimba kosayankhidwa]

11:08 Wamtali: osandiimbira. pakamwa mwandinamiza zaka zitatu. lembani

11:31 Makaniko: [uthenga wa mawu 1:38] Mlamu, ndinamanga ndine. Kulemba sindingathe. Galimoto ija achimwene anagula amake mapasa ali oyembekezera, mtundu wa buluu uja anasankha ndi iwowo. Tsiku loyamba anakokera mpando kutsogolo mpaka kumapeto, ati ndizionako msewu nanenso, tonse tinaseka. Zaka zonse unakhala pomwepo. Ulendo womaliza wopita kuchipatala anakhalanso pomwepo, anakana kugona kumbuyo. Tsono titaika maliro, amalume anakwera kutsogolo nkukankhira mpando kumbuyo, mukudziwa mimba ya amalume. Achimwene anaimitsa galimoto pakati pamsewu, kutuluka, kukhala pansi m'mbali mwa msewu. Sanalire pamanda koma analira pamenepo. M'mawa mwake anabwera kuno, ati mng'ono wanga, ubwezere pamene unali ndipo usasunthenso. Nthawi imeneyo inu kunalibe, mlamu, sitinkakudziwani nkomwe. Mutabwera nkudandaula, achimwene anangoti wauma, nkundiyang'ana. Ine ndinaonjezera kuti spare kulibe, anasiya kupanga. Bodza likangoyenda kamodzi, kulizimitsa kumavuta.

11:50 Makaniko: mlamu mwamva?

12:15 Makaniko: ndafika, simulipo. mwapita bwanji kunyumba?

14:02 Wamtali: minibus. ndinakhala kutsogolo. kondakita anandisunthira mpando osamupempha

14:03 Makaniko: pepani mlamu

14:11 Wamtali: [uthenga wa mawu 1:20] Mukudziwa chikundiwawa? Chithunzi cha malemu pabalaza ndimapukuta ndine. Mapasa ndawalera, akadwala ndimagona nawo kuchipatala ndine, ndipo sindinawauzepo kuti azinditchula amayi, anayamba okha. Makapu a malemu a maluwa aja sindimwera. Ndinkati munthu wakumanda salimbana naye. Kani iye ndi amene akulimbana nane! Ulendo uliwonse ine mawondo pakhosi, achimwene anu akuyendetsa, akuimba kamluzu, akundiona. Tsiku la ukwati wanga ndinakwera ndi diresi nditapinda choncho, anthu akuseka kuti mkwatibwi watalika. Ndikuchita nsanje mlamu, ndikunena poyera. Ndikuchitira nsanje munthu amene sindinamuonepo, ndipo manyazi akundigwira, koma nsanjeyo sikuchoka. Iye anamumangira bawuti. Ine anandimangira chani?

14:30 Makaniko: achimwene amakukondani, zimenezo ndingalumbire

14:31 Wamtali: munalumbiranso kuti spare kulibe

14:45 Makaniko: ndimasule? ndi 5 min. sipanala 14 basi. ndidzawauza kuti ndine ndaganiza

14:46 Wamtali: ayi

14:46 Wamtali: musaikhudze

14:48 Wamtali: anamangitsa okha amasule okha. mukamasula inu ndiye kuti ndaba malo. ine sindikufuna malo akuba

14:49 Wamtali: ndawatumizira pic ija. ndawauza kuti mwana wanga sadzachoka kuchipatala ali pamiyendo yopinda pampando wa wina. bola ndidzamubereke ndiyende wapansi

15:20 Makaniko: ayankha?

15:21 Wamtali: awerenga 14:50

17:35 Makaniko: pano?

17:36 Wamtali: abwera. akuthandiza mapasa homework ngati palibe chachitika. masamu ake akulakwitsa onse

LACHINAYI

07:48 Makaniko: mlamu achimwene ali pano

07:49 Wamtali: anandiuza kuti akupita kuntchito

07:49 Makaniko: avala za kuntchito zomwezo. shati yoyera. sanandipatse moni, angoti 14 ili kuti

07:50 Wamtali: ndiye?

07:53 Makaniko: ndawapatsa. alowa mgalimoto atseka chitseko

08:05 Wamtali: amasula?

08:06 Makaniko: angokhala. mbali ya passenger

08:06 Wamtali: pampando wa malemuwo?

08:07 Makaniko: eya. mawondo afika pa dashboard

08:07 Wamtali: aone kukoma kwake

08:20 Wamtali: mlamu

08:31 Wamtali: akulankhula naye eti? akumutsanzika? ine sanandiuze ngakhale liwu limodzi dzulo, kma iye akumupatsa 40 min

08:33 Makaniko: sindikuyang'ana mlamu, ndapita kuseri. ndi mkulu wanga

08:34 Wamtali: pitani mukayang'ane

08:52 Makaniko: agwada pa simenti. thalauza lathera oil

08:58 Makaniko: bawuti yalimba, ndinamanga ndi mtima wonse. ndati ndithandize andikaniza

09:10 Makaniko: yatuluka

09:11 Makaniko: [kanema 0:09]

09:11 Makaniko: onani, wabwerera mpaka kumapeto. akuuyendetsa uku ndi uku. afunsa kuti miyendo yanu imafika pati, ndati sindinayezepo kkk

09:13 Makaniko: akuti mawa akuperekezani okha ku sikelo

09:14 Makaniko: mlamu mwaona? zatheka

09:26 Wamtali: ndaona

09:26 Wamtali: bawuti ili kuti

09:30 Makaniko: mpando ukuyenda bhobho, ndaikamo ndi girisi

09:30 Wamtali: sindinafunse za girisi

09:31 Wamtali: ataya mu dramu la zinyalala lija?

09:44 Makaniko: ayi

09:45 Wamtali: akupatsani inu?

09:58 Makaniko: aipukuta ndi kampango. aika mthumba la shati

09:59 Makaniko: mlamu ndi kachitsulo chabe

10:20 Makaniko: mlamu?

10:41 Wamtali: shati imeneyo mawa ndichapa ndine