Bondo Langa ndi Chikwama cha Hak-su

Chiba, Japan
Novembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Amayi ali bwanji ndi chifuwa chija? Ku Cheongsong kuyenera kuti kwayamba kuzizira, ndipo ndikudziwa kuti muli kalikiliki kuthyola maapozi omaliza. Ine ndili bwinoko, kupatula bondo.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pafoni mumandidula mawu. Ndamva kuti amayi anaonera mpikisano wa gofu uja pa kanema, naona munthu wachilendo atanyamula chikwama cha mng'ono wathu Hak-su, ndipo chiyambire tsikulo sakudya bwino. Ndiye ndifotokoze mmene zinayendera.

Mpikisanowo unachitikira ku Miyazaki, timu ya Asia kulimbana ndi ya ku Ulaya. Aka kanali koyamba Hak-su kusankhidwa. Pa zaka zonse zomwe ndamunyamulira chikwama, wakhala akusewerera dzina lake lokha. Kumeneko kunalibe zimenezo. Tonse anativeka malaya ofanana, ngakhale ife onyamula zikwama, ndipo tinkadyera tebulo limodzi, anthu a ku Thailand, India, Japan ndi ife a ku Korea. Ine ndinakhalira mpunga ndi nsomba yowotcha.

Masiku oyamba amasewera awiriawiri, mpira umodzi, kumenya mosinthana. Kaputeni anamuphatikiza Hak-su ndi Irie, mnyamata wa kuno ku Japan yemwe sakhala chete. Atamuponyera mpira mumchenga, Irie anamuuza kuti wamva zoti anthu a ku Korea amakonda kugombe, ndiye wamutumizako akapume. Hak-su anamuyankha kuti akabwerako amutumiza iyeyo m'nkhalango akatole bowa. Anachitadi zimenezo pa dzenje lotsatira. Komabe anapambana masewera awo onse awiri, ndipo ndinamuona Hak-su akuseka pabwalo, zomwe sachita kawirikawiri.

Lamulungu aliyense amasewera yekha ndi mdani mmodzi. Matimu anali atafanana mapointi. Hak-su anakumana ndi bambo wina wa ku Denmark, wamtali, wosayankhula, ndipo pofika pakati pa masewera mlongo wanuyo anali patsogolo ndi maenje awiri.

Bondoli linayamba kale kundivuta, cha m'nyengo ya maluwa. Ndinkalimanga m'kati mwa buluku osauza munthu. Bwalo la ku Miyazaki lili ndi zitunda, ndipo m'mawa mwake kunagwa mvula. Tikutsetsereka kuchoka pomenyera, ndinamva phoo m'bondomo, n'kukhala pansi. Zibonga zomenyera mpira zinakhuthukira pakapinga. Ndinayesa kudzuka, mwendo unakana.

Hak-su anabwerera, natola zibongazo, nakoleka chikwama paphewa pake. Anati adikira mpaka ndiimirire. Woyang'anira malamulo anamuuza kuti nthawi ikupita. Wothandizira kaputeni anatenga chikwamacho, ndipo ameneyo ndi mlendo amene amayi anamuona. Ine anandikweza kangolo kupita kutenti ya adokotala. Zotsalazo ndinaonera pa kanema ngati inu nomwe, ayezi ali pabondo.

Hak-su analuza maenje atatu motsatizana. Ndinaona akutenga chibonga cholakwika kawiri, koma kanema samva munthu. Pa dzenje lomaliza anagoletsa mpira wa patali ndithu, masewera n'kuthera pofanana, theka la pointi uku, theka uko. Timu yathu inaluza chikho ndi pointi imodzi. Akanapambana iyeyo, matimu akanafanana. Palibe amene ananena zimenezo, koma aliyense amadziwa kuwerenga.

Osewera anabwera kudzandiona mmodzimmodzi. Irie anandibweretsera mowa wam'chitini, nanena kuti ndine munthu woyamba kuvulala pa masewera oyenda pansi. Ngakhale bambo wa ku Denmark uja anafika, nandigwira chanza, natuluka.

Hak-su anabwera pomaliza. Anakhala pa bedi loyang'anana nalo, akadali ndi malaya a timu. Anandiuza kuti anadziwa za bondoli kuyambira tsiku loyamba, ndipo ankadikira kuti ndinene ndekha. Anati chaka chonsechi wakhala akuyenda pang'onopang'ono dala kuti ndisatsalire. Ndinamuuza kuti akandichita opaleshoni ndidzabwerera. Mawu amene anandiyankha ndiwalemba mmene anawanenera: "Achimwene, ndatopa kumangocheuka kuti ndione ngati mukubwera."

Sindinatsutse. Ananena zoona. Kuyambira mwezi wamawa amene azimunyamulira chikwama ndi munthu wina wa ku Australia, wodziwa ntchito. Ndakumana naye kale. Ndinamuonetsa mmene Hak-su amafunira kuti zibonga zisanjidwe, ndipo ndinamuuza kuti Hak-su akamenya molakwa asamamuyankhulitse mpaka ayambe yekha. Anagwedeza mutu movomera. Akuoneka munthu wabwino.

Adokotala akuti mtsempha unaduka. Opaleshoni ndikachitira ku Daegu kuti ndikhale pafupi ndi kwathu. Chipinda chino ndichisiya kumapeto kwa mwezi. Mwini nyumba wandipatsa kale makatoni. Za ntchito ina ndiganiza bondo likapola.

Pempho langa ndi limodzi. Mwambo wokumbukira malemu abambo uli pafupi, ndipo tonse awiri tibwera. Monga mwana wamwamuna woyamba, ndine ndimatsogolera kugwada ndi kuthira mowa patebulo la abambo. Chaka chino sindingathe kugwada. Chonde pitani kwa amayi tisanafike, mukawauze kuti Hak-su ndiye atsogolere m'malo mwanga, ine ndikhala pampando kumbuyo. Mukawauzenso kuti asamukalipire za ntchitoyi, makamaka pamaso pa amalume. Ndikuwadziwa amayi. Adzanena kuti ndinasiya sukulu chifukwa cha iyeyo, kuti wataya mkulu wake panjira. Mukawauze kuti sananditaye. Anabwerera n'kudzanyamula chikwama, dziko lonse likuona. Akamva kwa inu adzamvera, kwa ine adzangolira.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, ndi kwa amalume ndi azakhali a ku Andong. Adzukulu anga muwauze kuti zipewa za timu ndawasungira, chimodzi chili ndi dzina la Irie lomwe analemba popanda womupempha. Alamu asavutike kudzatichingamira ku siteshoni. Hak-su wati ayendetsa galimoto kuchokera ku Busan. Sitinayankhulane kwambiri chichokere ku Miyazaki, koma dzulo anaimba kufunsa ngati mwendo wanga ungawongoke pa mpando wakutsogolo.

Tsalani bwino, Achemwali.

Ndine mlongo wanu,
Gil-su