Gitala yofiira ndi ampu ya a Usumani

Lolemba, 7 Okutobala

Dzuwa la ku Nkaya kuno, ayi ndithu. Ndabwerako ku sikelo ya ana mutu uli waa. M'nyumba zii. Ndatenga gitala yofiira. Popanda ampu yokuzira mawu ikungolira ngati udzudzu, ndimadzimva ndekha. Ampu yathu mwamuna wanga Kumbu anagulitsa popita ku Joni. Chichokereni dzinja foni yake sikupezeka.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ilham, namwino wa pa chipatala pathu, akuti amalume ake ku Balaka, a Usumani okonza mawailesi, ali ndi ampu yakalekale, ya mababu agalasi m'kati. Ndalama sakufuna. Akufuna gitala yamagetsi yabwino.

Ndikapereka yofiira nditsala ndi yakuda, yopindika khosi ija. Ampu yabwino, gitala yolumala. Apo ayi gitala yabwino yopanda mawu. Yofiirayi ndinaimba pa ukwati wanga womwe, nditavala velo.

Loweruka, 12 Okutobala

Ku Balaka pa kabaza, gitala kumsana. A Usumani ndi achikulire, achete, kofia yoyera. Ampu yolemera ngati thumba la simenti, nsalu yakutsogolo yong'ambika. Atayatsa anati, "Musafulumire mayi, itenthe kaye." Mababu anayamba kufiira ngati makala.

Nditakhudza nsambo, mayo ine! Mawu onenepa, ofunda, omveka mpaka m'mimba. Amayi ogulitsa zitumbuwa anadzaima pakhomo. Wina wodutsa anavina pang'ono. Ndinali nditaiwala kuti munthu amamvedwa.

Lamulungu, 13 Okutobala

Zoipa za ampuyi zilipo. Babu likapsa, lina silipezeka, mwina ku Blantyre. Magetsi akuno ndi ongothimathima. Ndaimbira achemwali anga a Elsie ku Machinga Boma kuti andithandize maganizo. Akuti, "Banja likutha iwe uli pa magitala?" Ndadula.

Ku kwaya sindinapite.

Loweruka, 19 Okutobala

Tasinthana ndi a Usumani, yofiira ndawapatsa.

Ndisanachoke ndinawapempha aimbeko, ndimve mmene ikhalire m'manja mwawo. Anatulutsa dzanja lamanzere m'thumba. Lopinimbira, sitiroko. Sabata yatha sindinalione n'komwe. Akuti kale ankaimba m'bandi ya pa hotela, anzawo onse anatisiya. "Ampu ndi bokosi chabe, mayi. Gitala umaifungata."

Anaiika pamiyendo. Anati ndidinikize nsambo, iwo azikhwatcha ndi dzanja lamanja. Nyimbo yachiyao imene sindikuidziwa, ankangonditchulira poika zala. Tinalakwitsa kangapo. Anaseka mpaka kutsokomola.

Pobwerera ampu pamiyendo, msana wopepuka modabwitsa.

Lachitatu, 23 Okutobala

Yakuda ikumveka bwino kuposa mmene ndimaopera, bola osakwera nayo m'mwamba. Mawindo kunjenjemera. Palibe amene wabwera pakhomo, kupatula aneba kudzapempha kuti ndichepetse, mwana wagona.

Ndiye ndapindula kapena ndaluza? Sindikudziwa. Phokoso ladzaza nyumba, koma ndikazimitsa, chete wake ndi woposa kale.

Lachisanu, 25 Okutobala

Uthenga wa Kumbu, woyamba. Nambala yachilendo. Akuti ndisamudikire. Ndawerenga, ndatsuka mbale, ndawerenganso. Misozi sinabwere.

Madzulo Ilham anandipeza pa mjigo. Akuti amalume sakukonzanso mawailesi, akungokhala ndi gitala pamiyendo, kufunsa ngati mayi a ku Nkaya aja angakhale ndi mpata, dzanja lamanzere likusowa.

Wakabaza ndamuuza kale. Mawa m'mamawa, dzuwa lisanakwiye.