Mpopi Wonyerenyetsa

Lolemba, 4 Novembala

Boti likadali padoko. Injini amuna anga amaliza kukonza. Chatsala ndi ukonde umene unakulungika ku pulopela ulendo wathawu. Akuti alowa m'madzi akaudule tisananyamuke Loweruka.

Kukhitchini kwanga, kumene ndimaphikira a m'botimu, kuli kanthu. Mmawa ndikulumikiza ketulo pa soketi ya pafupi ndi sinki, dzanja linali pa mpopi. Kunyerenyetsa kuyambira m'zala mpaka m'chigongono, ngati nyerere zikuyenda m'kati mwa mnofu. Sikupweteka. Ndachotsa dzanja, ndabwezeranso, chimodzimodzi. Tiyi ndaphika pa gasi.

Ndawauza amuna anga. Agwira mpopi, majombo ali kumapazi, sanamve kanthu. "Mwina munagonera dzanja, mayi." Tinaseka.

Kutentha koopsa. Madzi a padoko ali zii, obiriwira.

Lachiwiri, 5 Novembala

Lero amva okha. Anabwera opanda nsapato kudzamwa madzi, kungogwira mpopi, kapu pansi. Sanaseke.

Amasula soketi ija. Kuseri kwake dzimbiri lokhalokha, waya mmodzi wakuda, wopserera. Fungo lake ndakhala ndikulimva masiku onsewa, ine kumayesa ndi chigwiriro cha poto. Aika soketi yatsopano, amanga bwinobwino, apukuta manja. Akuti nkhani yatha.

Ketulo yawira. Ndinadikira kuti atuluke, kenaka ndinakhudza mpopi ndi kuseri kwa dzanja. Kukadalipo. Pang'ono, koma kulipo.

Abwana, eni boti, aimba foni. Katundu wa anthu wadzaza m'shedi, simenti, malata, matumba a feteleza. Akuti Loweruka ndi Loweruka basi. Boti likakhala, malipiro athu nawo amakhala, ndipo mwana kusukulu yogonera konko wayamba kale kutumiza mauthenga.

Ndaimbira achimwene. Amuna anga sanakondwe nazo, koma sanakane.

Lachitatu, 6 Novembala

Achimwene abwera ndi chikwama chawo. Iwo ndi a magetsi a m'nyumba, maboti sawakonda, pa thabwa lokwerera anayenda chokwawa. Amuna anga kuwaseka alamu awowo mpaka misozi.

Ayamba ndi kukhitchini, kenaka masoketi onse mmodzimmodzi: a m'chipinda chathu, ochajira mafoni a apaulendo, a kwa woyendetsa. Tesita yawo yoyezera magetsi ikakhudza chitsulo cha sinki, kanyali kake nkumayaka mofooka. Kuzimitsa filiji, kukuyakabe. Kuzimitsa pampu yopopa madzi a pansi pa boti, kukuyakabe. Akweza matabwa a pansi. Kumeneko apeza waya wa ethi, uja wothawitsa magetsi osochera, ataduka kalekale, wina anangoukulunga tepi nkuukankhira pakona. Palibe akudziwa kuti ndani. Botili lapita m'manja ambiri.

Ali chogwada pomwepo anati, "Nyumba imaima pa dothi, magetsi akasochera amathawira pansi. Nanga boti lanuli, achemwali, athawira kuti?" Tonse maso pawindo.

Alumikiza waya watsopano. Madzulo tesita osayakanso, mpopi ndaugwira ndi manja onse awiri, bwinobwino. Mtima pansi. Ndawaphikira mpunga, adya mbale ziwiri. Popita anandikokera pambali. Akuti chimodzi sichikuwamveka: panali nthawi ina kanyali kanazima kokha asanagwire kalikonse, kenaka nkuyakanso. Abweranso Lachisanu masana ndi mita yabwinopo.

Lachinayi, 7 Novembala

Tinsomba takufa pakati pa boti ndi doko. Tambiri, mimba m'mwamba. Mlonda wa padoko akuti ndi kutenthaku, madzi akatentha zimatero. Anakatenga chidebe kuti atole, ndinamuuza asiye. Sindikudziwa chifukwa chake ndinatero.

Mmawa wonse mpopi uli bwino. Ndatsuka mapoto onse, ndakolopa, ndaimba ndi nyimbo. Masana, dzuwa lili pamutu, makina opangira ayisi a padoko akulira ngati masiku onse, ndikutsuka mpeni. Kwabweranso. Mpaka paphewa. Mpeni unagwera m'sinki, dzanja linachita dzanzi kwa kanthawi.

Amuna anga akwiya, osati ndi ine. Asolola mapulagi onse. Filiji, wailesi, mafani, chilichonse. Nyama ya paulendo ndakasungitsa kwa mayi wa golosale. Akuti mawa achotsanso chingwe chimene chimatibweretsera magetsi kuchokera padoko, achotse ndi mabatire, boti likhale lakufa. Likafa, alowa m'madzi.

Ndati dikirani achimwene. Akuti abwana akubwera mawa masana kudzaona, akufuna apeze pulopela ili yoyera. "Boti lopanda magetsi lingandigwire bwanji?" Akunena zoona. Nanga bwanji ndikuopabe?

Lachisanu, 8 Novembala

Chingwe cha padoko achotsa, achipinda, chili pa benchi. Mabatire achotsa. M'boti muli zii, ngakhale wotchi ya kwa woyendetsa yaima. Mpopi ndaugwira kangapo, palibe kanthu.

Tinsomba tawonjezereka.

Amuna anga amwa tiyi, buledi wasiyidwa. Anola mpeni, apukuta magalasi awo a m'madzi. Ndawapempha chinthu chimodzi, kuti adzimange chingwe m'chiuno, ine ndigwire. Akuti akalowa atamangidwa ngati mbuzi anthu a padoko awaseka chaka chonse. Ndalira. Avomera kuti ndisiye kulira.

Achimwene foni yawo sikupezeka.

Amuna anga akundiitana kumbuyo kwa boti.

Lachitatu, 13 Novembala

Kuchipatala, pa benchi ya panja. Ali moyo. Ndilembe zimenezo kaye. Ali moyo.

Analowa bwinobwino. Kumira, kutuluka, kundiponyera chidutswa cha ukonde, kumiranso. Anandinena kuti ndagwira chingwe ngati ndikukoka ng'ombe. Kenaka makina a ayisi aja anayamba kulira. Iwo anali atangotulutsa mutu kuti apume. Sanakuwe. Chimene sichikundichoka ndi chimenecho, sanatulutse mawu ngakhale amodzi. Maso ali pa ine, kukamwa yasa, manja atauma m'mbali, nkumatsika pang'onopang'ono ali chiimire.

Ndinakoka. Chingwe chonyowa chija chimandinyerenyetsa m'manja, sindinasiye. Mlonda anathamanga akuvula jekete kuti adumphire m'madzi, ndinamukuwira kuti asayerekeze, agwire chingwe. Tinakoka awiri mpaka pa makwerero. Anatuluka milomo itada. Mlonda ndi amene anawapsinya pachifuwa mpaka anasanza madzi. Ine ndinangogwira phazi lawo.

Adokotala akuti mtima ukudumphadumpha, auyang'anira kaye. Dzanja lamanja silikufumbata. Dzulo supuni inawagwa katatu, anatembenukira kukhoma.

Achimwene apeza chimene chinali. Sichinali m'boti mwathu. Chingwe cha magetsi chopita ku makina a ayisi chimadutsa pansi pa matabwa a doko. Chinakhulika pa chitsulo mpaka waya kuonekera, nkulendewera m'madzi. Makina akayaka, madzi onse ozungulira pamenepo amakhala ndi magetsi, boti lathu lachitsulo likuyandama momwemo. Ife sabata yonse kumasula masoketi.

Achimwene sakudya. Akuti akanabwera mmawa.

Lachisanu, 15 Novembala

Ndabwerera kuboti. Abwana akuti ndikapanda kupita ulendo wa mawa apeza wophika wina. Kuchipatala kwatsala alamu anga, mng'ono wawo wa amuna anga. Pochoka amuna anga anandiuza kuti, "Musagwire chitsulo chilichonse opanda nsapato." Ndavala majombo awo, akulu, ndikuyenda ngati bakha.

Achimwene anakauza a mu ofesi ya doko kuti chingwe chonse chija chichotsedwe, aike china. Ayankha kuti kalata yapita kwa akuluakulu. Asodzi akufuna ayisi, nsomba zikuwola. Ndiye wina wabwera dzulo, wakulunga tepi pobooka paja, wachikoleka pa msomali pansi pa matabwa. Ndagwada ndasuzumira. Chikulendewera kachikhatho kamodzi pamwamba pa madzi, ndipo usiku kwagwa mvula kumtunda, madzi akukwera.

Ukonde theka ukadali ku pulopela. Abwana apeza munthu woti alowe, bambo wa ana atatu, amanyamula katundu pashedi. Ndamufotokozera zonse, mpaka za maso aja. Wamvetsera mwaulemu, chipewa m'manja. Akuti a mu ofesi amutsimikizira kuti anakonza, ndipo ndalama walandira kale, wagulira ufa. Ndamupempha adikire makina azime. Akuti abwana amupatsa mpaka dzuwa lisanapendeke.

Ndapita ku ofesi kuti azimitse kwa ola limodzi lokha. Kotseka, apita kumaliro. Mlonda lero sali pa ntchito. Swichi ya makina ili m'kabokosi kachitsulo pa mtengo wa magetsi, pali loko. Wamng'ono, wa dzimbiri.

Mpopi wayambanso. Ndaumva ndi kuseri kwa chala, ndili m'majombo.

Munthu uja wakhala pa thabwa, akumasula nsapato. Hamala ya amuna anga ili m'bokosi lawo la zitsulo, ikwanira kuthyolera loko uja. Andichotse ntchito, andiitanire apolisi, ayisi wawo asungunuke yense, koma bambo ameneyu salowa m'madzi makina aja akulira.