Tisungeni Akafike ku Manda a Mayi Ake

Kwa a Anthony Likaka, achimwene a malemu komanso eni mbumba, kwa Tisungeni, kwa abale onse ofedwa, ndi kwa anthu a m'chigwa cha Domasi.

Ife a bungwe la Tiyende Nawo, lomwe limasonkhanitsa makolo ndi olera ana aulumali kuyambira ku Malosa mpaka kumunsi kwa chigwa chino, tadzidzimuka ndipo tagwidwa ndi chisoni chachikulu pomva za imfa ya Mayi Jacinta Makwinja, mmodzi mwa oyambitsa bungweli, amene atisiya Lachiwiri atangodwala kwa nthawi yochepa. Sabata yathayi anali nafe pamsonkhano, akutikalipira chifukwa chofika mochedwa monga ankachitira nthawi zonse, ndipo palibe anaganiza kuti sitidzawamvanso. Tikulemba kuti tipepese, komanso kuti tipemphe chinthu chimodzi tsiku loika maliro, Lachisanu, lisanafike: mwana wawo Tisungeni, amene amayenda panjinga ya olumala, asasiyidwe pakhonde pamene thupi la mayi ake lizidzapita kumanda.

Ntchito ya malemuwa inayamba ndi mimba yawo. Ali oyembekezera anatumizidwa ku Blantyre kukaunikidwa, ndipo adokotala anawauza mosabisa kuti msana wa mwanayo sunatsekeke bwino, kuti akabadwa sadzayenda, mwinanso sadzakhalitsa. Pobwerera kumudzi panapezeka ena owanong'oneza kuti alipo odziwa mankhwala, nkhaniyi ikhoza kutha mwakachetechete. Iwo anasankha kusunga mimbayo, ndipo Tisungeni lero ndi mtsikana wamkulu, telala amene amasoka mayunifolomu a ana asukulu ndi makina opukusa ndi dzanja. Kuchokera pamenepo Mayi Makwinja anaphunzitsa amayi ambirimbiri kutembenuza mwana kuti asachite zilonda, kusamala kachubu kotulutsira mkodzo, ndi kumunyamula osathyoka msana. Ndiwo ananyengerera akalipentala a ku Malosa kupanga mipando yokhalira ana amene satha kukhala okha, ndiwo ankakhala pakhomo pa ofesi ya sukulu mpaka mwana atalembedwa, ndipo makondakitala a minibasi amsewu wa Liwonde anasiya kulambalala munthu wapanjinga chifukwa choopa pakamwa pawo.

Koma ntchito imene tidzawakumbukire nayo koposa ndi imene tinkakangana nawo. Masiku ano makina ounikira mimba afika pafupi, choncho amayi ambiri amabwerera kuchokera ku Zomba atauzidwa kuti mwana amene ali m'mimba ali ndi vuto la mutu kapena la msana, ndipo anthu ankawalozera kwa Mayi Makwinja. Iwo sankalalikira. Ankangoti, "Bwerani mawa mudzaswere nafe." Mayiyo ankakhala tsiku lonse, n'kuona zonse: kunyamula, kusambitsa, kuchapa, fungo la mankhwala a zilonda, komanso Tisungeni akusoka uku akuseka makasitomala ake. Madzulo ankamuperekeza mpaka pamsewu, n'kumuuza kuti, "Zimene mwaonazi ndi zathu, ine ndi mwana wanga. Wanuyo sindikumudziwa, ndipo sindikunamizani kuti zidzakhala chimodzimodzi. Mukaganize bwino, ndipo chilichonse chikachitika mudzandiuze."

Ine amene ndikulemba ndine mkulu wa mpingo, ndimakhulupirira kuti moyo wa m'mimba ndi moyo, ndipo ndikudziwa kuti malamulo a dziko lino pankhaniyi ndi okhwima. Pa izi sindinasinthe, ndipo malemuwa ankadziwa. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Mayi, inu muli ndi umboni m'nyumba mwanu. Bwanji osangowauza poyera kuti asachotse?"

Anandiyang'ana monga ankayang'anira kondakitala wamwano. "A Nakoma, inuyo munayamba mwakhalapo ndi mimba? Mwana wanga si chikwangwani choimika pamsewu ayi. Ndikanagamulira anthu, akanasiya kubwera kuno, n'kumapita kwa amankhwala aja osauza aliyense. Amene wasunga timuthandize kulera. Amene sanasunge timuthandize asafe."

Mawu amenewa anayesedwa. Mayi wina wachitsikana, amene dzina lake sitilitchula, anaswera kwa iwo monga ena onse, koma mwamuna wake atamva za mwanayo anachoka panyumba, ndipo iye anakachotsa mimba mobisa. Magazi atayamba kutayika osaleka, munthu amene mayiyo anamuitana anali Mayi Makwinja. Anamukweza pakabaza mpaka kuchipatala, anamudikirira mpaka anachira, ndipo anapita nawo pamodzi ndi amayi akuluakulu kukakwirira nthayo, mwana wosabadwa uja, kumene mwamwambo amuna sapita ndipo munthu salira. Mamembala ena anakwiya n'kunena kuti bungwe la makolo osunga ana silingasunge munthu wochita zotere. Iwo anayankha kuti, "Ndinalira mwanayo mumtima, ndipo mayi ake ali moyo. Ngati mulandu wanga ndi umenewo, ndichotseni." Sitinawachotse, ngakhale mpaka lero sitigwirizana tonse pankhani ya mayi uja.

Talemba zonsezi chifukwa cha zimene tinamva dzulo masana pasiwa. Ena mwa mamembala athu, ndi mtima wabwino ndithu, anakonza zoti pamapemphero a m'tchalitchi Tisungeni aikidwe kutsogolo, ndipo wolankhula amuloze ngati umboni wa mayi amene anakana kuchotsa mimba. Nthawi yomweyo abale anagwirizana kuti kumanda asapite, popeza kanjira kake kamadutsa m'malire a minda ya mpunga, n'kopapatiza, ndipo pakati pali ngalande. A Likaka ananena mwachifundo kuti, "Mwanayu wavutika kale, akhale pakhonde ndi azakhali ake." Onse ankalankhula Tisungeni ali pomwepo, koma palibe anamufunsa.

Anayankha yekha. "Amalume, kutchalitchi mukufuna ndikhale kutsogolo kuti anthu andione, koma kumanda ndiye njinga yanga yakula? Nanga bokosi lidutsa pati? Amayi anga ndiwaperekeza ine."

Wina anati anyamata akhoza kumubereka. Iye anati, "Kubereka ayi, sindine khanda. Ndipita panjinga yanga, nditavala nsalu yanga bwinobwino ngati wina aliyense."

Tinachita manyazi, ndipo n'koyenera kuti titero. Ndi kosavuta kuyamikira mayi amene anasunga mimba, koma mwana amene anabadwayo amafuna njira yoti adutse, ndipo pamenepa ndi pamene ambirife timatopa msanga. Choncho komiti ya bungwe yakumana lero m'mawa ndipo yagwirizana izi. M'tchalitchi Tisungeni akhale pamalo a ofedwa pamodzi ndi abale ake, ndipo wolankhula m'malo mwa bungwe sadzamuloza chala kapena kumusandutsa phunziro. Amene ali ndi maganizo pankhani yochotsa mimba, kaya a mbali yanga kaya a mbali ina, adzawanene tsiku lina, pamalo ena, mayi amene nkhaniyo ikumukhudza ali pomwepo kuti naye ayankhe. Mawa m'mawa mamembala onse amphamvu abwere ndi makasu ndi mafosholo kuti tikuze kanjira kaja kuchokera panyumba mpaka pamanda. Eni minda tawaona kale, ndipo ngakhale mpunga wayamba kubereka, avomera kuti tidule mzere wa m'mphepete, ati maliro n'kulirana. Akalipentala a ku Malosa abweretsa matabwa oyala pangalande, ndipo adzukulu atilola kugwira ntchito mpaka pachipata cha manda.

M'malo mwa komiti ndi mamembala onse a Tiyende Nawo, m'malo mwa ana amene lero ali pasukulu chifukwa cha khama la mayiwa, ndiponso m'malo mwa amayi amene adzabwera pamaliropa osanena chimene chawabweretsa, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa banja lonse. Mulungu wa chitonthozo akupatseni mphamvu m'masiku ovutawa, ndipo mzimu wa Mayi Jacinta Makwinja uuse mumtendere.

Kwa iwe Tisungeni, pepa mwana wathu, tataya tonse koma iwe wataya koposa. Kwa inu a Likaka, sitikulowererani paudindo wanu, pakuti mbumba ndi yanu ndipo malirowa ndi anu. Ife tikuza njira basi. Ikatha, njinga idzakhala pakhomo, mwini wake ali wokonzeka, ndipo anthu onse adzayang'ana kwa inu kuti munene kuti tiyeni.

Ine wanu m'chisoni,

Everson Nakoma
Wapampando, Bungwe la Tiyende Nawo
Domasi, Zomba