Madzi Odalitsa pa Kabolodi

Nazombe, Phalombe
12 Meyi 2009

Okondedwa amalume a Sitima,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ku Limbeko. Kuno amayi akupezako bwino, mwendo uja waphwa. Koma ine sabata yachiwiri ino tulo sindikupeza, chifukwa cha kabolodi kamagetsi koyendetsera timakina munatitumizira kaja.

Amalume, kanapsa. Ndipo wolakwa ndine.

Ana a kalabu ya sayansi anakakonda kwambiri. Loweruka lililonse tinkaphunzira kukalembera malamulo pa kompyuta ya kuofesi, mpaka kanayamba kuyendetsa kamota komenya chitini, koingitsira mpheta mumpunga. Amene anamvetsa msanga ndi Edina wa Fomu 3. Ine mphunzitsine ndinkachita kufunsa kwa iye.

Litayandikira tsiku la chionetsero cha sayansi ku boma, mantha anandigwira. Ndinatenga madzi odalitsa amene amayi amasunga m'botolo n'kukawaza, monga timachitira ndi mbewu tisanabzale. Sindinadikire kuti kaume. Edina atangolumikiza mawaya ku batire, kanalira thethethe, utsi n'kutuluka.

Aphunzitsi aakulu atafunsa, ndinati mwina mtsikanayo anasemphanitsa mawaya. Edina anangondiyang'ana. Anamuchotsa m'kalabu, anzake n'kuyamba kumuitana kuti Namoto. Pano wasiya sukulu. Bambo ake akuti poti makina anawononga yekha, mbalamezo azikaingitsa ndi pakamwa pake kumunda kwawo kwa mpunga kudambo.

Ndinakalapa kwa abambo mfumu. Anandiuza kuti kulapa kwanga n'kwa theka mpaka ndikanene zoona kwa amene ndinawanamiza. Lamulungu ndinangokhala pabenchi anzanga akukalandira mgonero, amayi akundiyang'ana chammbali.

Mukudziwa kuti ndine mphunzitsi wongogwirizira. Ndikaulula, ntchito yatha basi. Ndipo ngakhale ndiulule, kodi bambo ake amulola kubwerera? Sindikhulupirira. Mayeso akuyamba posachedwa, iye ali kudambo.

Sindikupempha kabolodi kena, ndikudziwa kanali kamodzi komweko. Mungondiuza, inu amene munandilera: ndiyambire kwa aphunzitsi aakulu kapena kwa mwanayo? Lolemba ndipita. Nanga akandichotsa, mungandisunge ku shopu yanu ya mawailesi, ngakhale kumangosesa?

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa onse, koma nkhaniyi musawauze kaye. Yankho mumupatsire Davison, kondakitala wa minibasi amene wabweretsa kalatayi, lisanapitirire Loweruka. Chonde, amalume.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Dyson