Nandolo wa kwa amwenye

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Chiromo atanyamula mlamba wowamba. Paja ine ndinaleka nyama ndi nsomba chifukwa cha m'mimba muja, ndiye ndinawatengera kulesitilanti ya amwenye ku Nchalo, komwe ndimadya popanda wondifunsa mafunso. Ndinaitanitsa zimene ndimakonda: chapati, mpunga ndi nandolo wophikidwa mwachimwenye.

Analawa kamodzi, n'kuika supuni pansi.

"Mwananga, uyu si nandolo?"

"Ndi yemweyo, amayi."

"Amene ndimalima ndekha n'kugulitsa kwa amwenye omwewa? Kwathu mlendo timamuphera nkhuku."

Sanadyenso. M'mawa mwake anakwera minibasi, n'kubwerera nawo mlamba uja. Amuna anga, bambo a Chisomo, kunyumba kuno sakundiyankhula mpaka lero.

Chonde aimbireni foni apongoziwo, inu amakumverani. Muwauze kuti sindinawanyoze, ndinangowapatsa chimene chimandikomera ine. Nkhuku ndagula, ili pachingwe pakhomo pano. Chikusowa ndi mlendo woti ndimuphere.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Esinta