Atiwotchera Makina a Gemu

Migowi,
Phalombe.
12 Januwale 2003.

Okondedwa achimwene a Hector,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ife kuno sitili bwino, ndipo ndisakubisireni, ndakukwiyirani kwambiri.

Makina a gemu munandibweretsera aja kulibenso. Awotcha Lachiwiri lapitali, masanasana, pamodzi ndi TV ndi mabenchi onse amene ana ankakhalapo posewera.

Mukukumbukira pa Khirisimasi muli kuno, mukumwa pakhonde la golosale? Munkasimba zoti kumeneko kukumveka mphekesera kuti makampani awiri opanga makinawa amakumbirana dzenje. Akuti ina imalemba anyamata aganyu kuti azilowa m'masitolo ngati ogula, n'kumalankhula mokweza kuti makina a kampani inzake amapsa msanga ndiponso amawononga TV. Nditakufunsani ngati n'zoona munati, "Akudziwa ndani? Koma bizinesi ndi imeneyo, mlongo wanga. Ukagona akudyera." Anthu anaseka. Amene sanaseke ndi a Stafford, aja ali ndi makina a kampani inayo kuseri kwa chigayo. Iwo ankangotchera khutu, n'kumakuonjezerani mowa.

Inu mutangokwera basi, zinayambika. Mukudziwa mmene nkhani ya anamapopa yavutira kuno. Ndiye a Stafford anayamba kuuza azimayi kumsika kuti zogwirira za makina anga zimanjenjemera m'manja chifukwa zimakhala zikupopa magazi a ana, ndipo waya uja ndi amene amatumiza magaziwo ku Joni. Zawo sizinjenjemera, ndiye akuti n'zabwinobwino. Ndinapita kukawafunsa pamaso. Anandiyankha akusenda nzimbe, osandiyang'ana n'komwe: "Mayi, ine ndangonena zimene ndamva. Achimwene anu omwe anati bizinesi ndi imeneyo."

Achimwene, nkhani yosatsimikizika ngati imeneyo munkaitulutsiranji pamowa? Kumeneko bodza likagwira, munthu amangogula makina ena, basi. Kuno bodza limabwera ndi miyala.

Lolemba mwana wa a Peggy, amene ankakonda kusewera kwathu, anakomoka kusukulu. Kuchipatala anati ndi malungo, ndiponso magazi achepa. Mawu oti magazi achepawo ndi amene anandimaliza.

M'mawa mwake anthu anayamba kusonkhana, pofika masana anali atadzaza bwalo. Sanali alendo ayi. Ena ndimaimba nawo kwaya, ena tinawaphikira pamaliro a abale awo. Amayi anaima pakhomo n'kumawachonderera m'Chilomwe, kuwatchula mayina mmodzimmodzi. Mwala unawapeza amayiwo pamwamba pa diso lakumanzere. Awasoka, koma disolo latupa, silikutseguka, ndipo adokotala sakunena ngati lidzaonanso. Ine anandikhwekhwerezera panja, chitenje changa chinatsala m'manja mwa a Laston, mkulu wa mpingo wathu. Apolisi akanachedwa pang'ono, bwenzi mukulandira uthenga wa maliro.

A Staffordwo sanapindule kanthu. Moto utazilala kwathu, wina anakuwa kuti makina ndi makina, gulu lonse n'kuthamangira kuseri kwa chigayo kukawotchanso awo. A Stafford athawira kwawo kwa akazi awo ku Chiringa. Musaganize kuti zandisangalatsa. Ana anga sakupita kusukulu chifukwa anzawo akuwatcha ana a namapopa, ndipo kumjigo ndikafika azimayi amanyamula zidebe zawo zisanadzaze.

Ndikukudziwani, muyankha kuti mutumiza makina ena abwino kuposa aja. Musayerekeze. Ndikawaona ndiwaphwanya ndekha.

Amayi andiletsa kukuuzani zonsezi. Akuti ndilembe kuti anaterereka pamatope kumunda, poopa kuti mungasiye ntchito n'kubwera kudzachita ndewu. Pano akhala pamkeka pafupi nane, akuganiza kuti ndikulemba zimenezo. Akupereka moni wambiri, akuti muzidya mokwanira ndipo musamaiwale kupemphera.

Moni umenewo ndi wawo. Wanga ndiyamba ndausunga mpaka diso lawo litatseguka.

Ndine mlongo wanu,
Belita.